Tsiku limene tayala la amalume linapita ku Mozambique

Poti kavidiyo kaja kazungulira kale pa WhatsApp, ndipo ena mwayamba kundipatsa moni wa "mwadzuka bwanji a injiniya", ndiloleni ndifotokoze ndekha. Wojambula uja anayambira pakati, pomwe ndikuthamanga nditagwira kumutu. Koyambirira sanajambule, pomwe zinthu zinkayenda mwaukadaulo.

Tayala lakumbuyo kudzanja lamanja linaphwa titangotuluka pa Lizulu kulowera ku Ntcheu boma, Probox ya amalume itadzaza kabichi ndi mbatatesi mpaka kudenga. Amalume atagwira chitseko kuti atsike, ndinawaletsa.

"Khalani pa chiwongolero, amalume. Dalaivala satsika. Mukaona ndakweza dzanja, nyamukani."

"Ukuti chiyani iwe?"

"Inu ingokhalani muone."

Mukudziwa nonse kuti ine ndi uja amapempha kuti asinthe tchanelo Lamlungu masana, anthu akudikira mpira, kuti ndione Formula 1, mpikisano wa magalimoto othamanga. Ndipo amene amandisangalatsa ine si madalaivala otchuka ngati Hamilton kapena Verstappen. Ndi anthu a mahelemeti aja amene amadikira atanjuta pakhomo pa garaja kuti asinthe matayala mpikisano uli mkati, oti ngakhale mayi awo sangawazindikire pa TV. Amakhalapo pafupifupi 20 pa galimoto imodzi. Tayala lililonse anthu atatu: wina ali ndi chida cha mpweya chomasulira nati, wina amazula lakale, wina amalowetsa latsopano. Kutsogolo kuli wa jeke, munthu wolimba mtima amene amaima njii galimoto ikubwera molunjika pa mawondo ake. Kumbuyo kulinso wa jeke wina. Mu 2023 ku Qatar, anyamata a timu ya McLaren anasintha matayala onse anayi a Lando Norris m'masekondi 1.80. Kuyetsemula kwa amalume kumatenga nthawi yoposa pamenepo.

Ndiye ine tayala limodzi lokha lingandivute?

Ndinagawa ntchito bwinobwino. Msuweni wanga pa jeke. Mnyamata wa kabaza yemwe ankadutsa, wozula tayala. Wina wogulitsa chimanga chootcha, wolowetsa sipeya. Ine ndinatenga maudindo atatu: sipanala, kuwerenga nthawi pa foni, ndi kukweza dzanja. Kale ntchito yokweza chizindikiroyi inali ya munthu wake wake wonyamula kachikwangwani pandodo, masiku ano anaika magetsi. Ndikuvomereza kuti apa ndi pamene ndinadzichulukitsira. Koma nanga anthu 20 ndikanawapeza kuti pamsewu?

Ndipo tinkathamanga, abale. Manati anayi ndinawamasula ngati ndikutong'ola chimanga, n'kuwaponya m'thumba la buluku kuti asasowe m'fumbi. Limenelo ndi dongosolo, musaseke. Jeke m'mwamba, lakale kunja, sipeya kulowa khwaa. Wa chimanga anafuula, "Lalowa, bwana!" Msuweni anatsitsa jeke. Ndinasuzumira pa foni: mphindi 3 ndi masekondi 40. Mtima unadzaza. Dzanja linakwera lokha. Ine ndinalikweza pokondwerera, koma amalume ndi munthu womvera malangizo.

Galimoto inayenda mwina mamita khumi ndi asanu. Kenako inakhala pansi mbali imodzi ngati nkhalamba yotopa, kabichi n'kuyamba kutsika yekha, ndipo tayala linapitiriza ulendo.

Linapitiriza mwaulemu kwambiri. Silinathamange poyamba. Linawapitirira amalume pambali pa windo lawo, iwo n'kulitsatira ndi maso mwakachetechete ngati akuona mnansi amene ali naye ngongole. Linadutsa msewu wa M1 mopingasa osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Minibasi yochokera ku Ntcheu inaliimira, kondakitala anatulutsa mutu n'kulifunsa ngati likupita ku Lilongwe. Amene mumadziwa dera lija mukudziwa kuti msewu womwewo ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Tayala linalowa dziko la eni lopanda pasipoti, lopanda chidindo, lopanda wolifunsa kuti likukachita chiyani. Litaponda Angónia, boma la ku Mozambique lapamalirepo, ndi pamene linapeza mphamvu. Linadumpha ngalande, kubalalitsa nkhuku, mbuzi ina inadula chingwe. Galu analithamangitsa pang'ono, kenako anaima n'kubwerera, ataona kuti nkhaniyi ndi ya mayiko awiri.

Ine pambuyo, liwiro. Ndipo pothamangapo ndinayamba kumva kaphokoso, ngwere ngwere ngwere, ngati ovina ngoma a ku Gomani. Ndinaganiza kuti ndi makiyi. Ine ndilibe makiyi a chilichonse. Ndinapisa dzanja m'thumba ndikuthamanga choncho. Pomwe mukundiona mu vidiyo ndagwira kumutu, ndi pamenepo.

Tsono tiyeni tinene chilungamo. Magalimoto a Formula 1 tayala limagwira ndi nati imodzi yokha yaikulu pakati, ndipo natiyo siipita m'thumba la munthu. Ine ndinali ndi manati anayi, ntchito kanayi. Komanso akatswiri enieniwo amalakwitsa. Mu 2020 ku Sakhir, m'dziko la Bahrain, a timu ya Mercedes anamuika George Russell matayala a mnzake Valtteri Bottas, iye akutsogola mpikisano. Chaka chotsatira ku Monaco, nati ya Bottas yemweyo inakana kumasuka, mpikisano wake n'kuthera pomwepo, ndipo anakaichotsera ku fakitale yawo ku England patapita pafupifupi masiku awiri. Anthu amenewa ali ndi woyang'anira matayala amene amawafunditsa mabulangete a magetsi kuti atenthe, ali ndi owerengera pa kompyuta nthawi yoyenera kusintha, ali ndi injiniya wolankhula ndi dalaivala pa wailesi. Ine ndinali ndi munthu amene maso ake anali pa mbaula kuopa chimanga chingapserere. Iye akuti anati "lalowa", sanati "lamangidwa". Chabwino.

Tayala tinakalipeza litagona chagada m'dimba la tomato. Agogo eni dimba, oti chilankhulo chawo ndi chathu chomwechi, tsiku limenelo anakumbukira Chipwitikizi. Anawerenga mitengo yothyoka umodziumodzi, n'kutchula mtengo mu ndalama za kwawo. Titachonderera anabwerera ku Chichewa.

"Mwanawe, tayalali labwera lokha kapena walituma?"

"Labwera lokha, agogo."

"Ndiye lizikabwerera lokha."

Zinatha ndi thumba la mbatatesi la amalume.

Amalume sanandilankhule mpaka pa Biriwiri. Tinayenda ndi manati atatu, pang'onopang'ono, chifukwa yachinayi inasowa. Ndinadzaipeza Lachiwiri pochapa buluku, inali italowa pobooka thumba n'kukakhala kumpendero. Foni nayo ndinaiwala kuimitsa. Titafika kunyumba inkasonyeza maola 3 ndi mphindi 12, ikuwerengabe.