Pampu ya madzi otenthetsa nyumba: saizi ndaipeza

Ino ndi sabata yachitatu ndili pa ntchito yokonzanso mapaipi otenthetsa nyumba, ndipo lero mtima wakhala pansi pa nkhani ya pampu.

Ndinangotsala pang'ono kugula yaikulu. M'mutu mwanga ndinkati, poti radiator (chitsulo chotenthetsa chipinda, chomwe mkati mwake mumadutsa madzi otentha) ya chipinda cham'mwamba ili mamita 5 pamwamba pa boiler (makina otenthetsa madziwo), pampu iyenera kukhala ndi mphamvu yokweza madzi mpaka kumeneko. Ayi ndithu. Mapaipi amenewa ndi otsekeka, madzi amangozungulira, ndiye otsika amalipira okwera, monga ndowa ziwiri zodzaza zopachikidwa pa chingwe chimodzi. Pampu imangolimbana ndi kukhulana kwa madzi ndi paipi, makona ndi mavalavu basi. Nditamvetsa zimenezi ndinang'amba pepala la masamu anga oyamba n'kuyambiranso.

Ndinayamba ndi kuchuluka kwa madzi oyenera kuyenda. Nyumbayi imafuna kutentha kwa 12 kW tsiku lozizira kwambiri, ndipo ndikufuna madzi azibwerera atazizirako ndi madigiri 20. Ndinachulukitsa 20 ndi 1.163 (nambala yosonyeza kutentha komwe madzi amanyamula), kenako ndinagawa 12 ndi yankholo. Zinatuluka 0.52 m³ pa ola, kapena malita osafika 9 pa mphindi. Ochepa zedi! Mapaipi akanakhala otenthetsa nyumba kuchokera pansi pa simenti, omwe amangosiyanitsa madigiri 5, madzi ofunika akanachuluka kanayi.

Chinandidyera nthawi ndi head, yomwe ndi mphamvu yokankha madzi imene pampu iyenera kupereka, yoyezedwa m'mamita. Apa suphatikiza mapaipi onse a m'nyumba, umangotsata njira imodzi yovutitsitsa, yopita ku radiator yakutali n'kubwerera. Ndinakwawa ndi tepi Loweruka lonse, ndinapeza mamita 60. Pa paipi yakopa ya 22 mm, madziwa amayenda pafupifupi theka la mita pa sekondi, zomwe zandisangalatsa chifukwa akapitirira mita imodzi mapaipi amayamba kusokosera. Ndawerengera kuti kukhulana kumadya mphamvu yokankha ya 150 Pa pa mita iliyonse (1,000 Pa ndi 1 kPa), zomwe zikupereka 9 kPa. Ndawonjezera theka lake chifukwa cha makona, kenako 10 kPa ya boiler ndi mavalavu. Zonse pamodzi 23.5 kPa, ndiye kuti head ya mamita 2.4.

Manambala olembedwa pa pampu amanyenga munthu. Ikalembedwa 25-60, 25 ndi kukula kwa polumikizira, pomwe 60 akutanthauza mamita 6, koma imafika pamenepo pokhapokha madzi asakuyenda n'komwe. Choyenera kuona ndi mzere wokhota wa m'kabuku kake, wosonyeza head yomwe pampu imapereka malinga ndi kuchuluka kwa madzi oyenda. Ndinaika kadontho pa 0.52 ndi 2.4, ndipo kanagwera bwinobwino pansi pa mzere wa pampu yaing'ono ya 25-40. Ndatenga imeneyo, ya mtundu womwe umatsitsa wokha liwiro mavalavu ena akatsekeka.

Yaikulu ija ikanadya magetsi pachabe, mavalavu akanamaimba likhweru usiku, komanso madzi akanamabwerera akadali otentha. Boiler yanga ndi ya condensing, mtundu womwe umatolanso kutentha kwa mu utsi wake, imapulumutsa gasi madzi obwerera akakhala pansi pa madigiri 55 kapena chapompo.

Mawa ndiimanga, shafiti yake itagona chopingasa monga zimafunikira, ndi valavu mbali zonse ziwiri kuti tsiku loichotsa ndisadzakhuthule madzi onse. Ndikatulutsa mpweya m'mapaipi, ndidzamangirira mathemomita awiri, wina pa paipi yopita wina pa yobwerera, ndione ngati madigiri 20 aja atulukedi.