Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kabuku kamene ndinabisa m'dilowa ya makina

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene tinabwerako kumaliro a achimwene ku Mitundu, February wa 2024. Lero ndikufuna ndinene zomwe ndinkabisa miyezi yonse imene tinkawadwazika, chifukwa ndikapitiriza kudumpha nkhani imeneyi ndiye kuti mbiri yonseyi ndi yabodza.

Mukukumbukira achimwene sitiroko inawapeza ali pa bawo, pakamwa kupotoka, dzanja lamanja kungogwa ngati si lawo, mawu osamveka. Anzawo anawathira madzi, wina nkumati awaponda, wina nkumati ndi mowa wadzulo, ku Central anakafika mawa lake masana pomwe matenda amenewa amafuna kuthamangira kuchipatala ola lomwelo. Dokotala atafunsa ngati ankamwa mankhwala a BP alamu anangoyang'ana pansi, anasiya kalekale. Ine ndili pompo ndinapukusa mutu ngati munthu wanzeru, mpaka ndinati "koma achimwene inunso". Abale anga, pamene ndinkanena mawu amenewo nkuti ine mwini ndili ndi chaka chathunthu chisiyireni anga.

Ine BP anandipeza nayo mu 2022. Ndinapita kukayezetsa malungo, malungo osapezeka, koma anesi atandimanga kalamba kaja pamkono anabwerezanso kachiwiri, nkundifunsa ngati ndathamanga. Inali 168/102. Anandiuza kuti ikamafika 140/90 kupita mtsogolo ndiye kuti yakwera, koma samangogamula tsiku limodzi, ndibwerenso. Ndinabwerera kawiri, osatsika, basi anandilembera m'kabuku kakuchipatala timapilisi tating'ono totchedwa HCTZ, kamodzi patsiku.

Ndinamwa miyezi iwiri yokha. Zifukwa ndinali nazo zambiri ndipo nthawi imeneyo zinkamveka zanzeru. Timapilisi timeneti timakodzetsa, ndi mmene timagwirira ntchito, kuchotsa mchere ndi madzi owonjezera m'thupi, tsono ine telala wa pa msika wa Nsungwi kuno ku Area 25, chimbudzi cholipira, kasitomala akudikira diresi la chinkhoswe ine ndikungodzukadzuka. Chachiwiri sindinkamva kuwawa paliponse, ndimwerenji mankhwala munthu ndili bwinobwino. Koma chenicheni chinali ichi: tsiku lina pamzere wakuchipatala ndinakumana ndi mayi wina amene ndimamusokera, sabata isanathe mnzanga wa benchi yoyandikana anandifunsa moseka kuti "aTela, akuti mwayamba kulandira eti?" Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba. Lero ndikaganiza ndimadziseka, ngakhale akanakhala ma ARV enieniwo vuto linali chani? Koma mtima wachibambo ndi wopusa nthawi zina. Kabuku kaja ndinakaponya m'dilowa ya makina pansi pa mabobini ndi mazipi akutha, mmalo mwake ndinagula chibotolo cha madzi obiriwira kwa mkulu wina wa chimkuzamawu mtauni, amene ankati chimachiza BP, shuga, nsana ndi mphamvu za m'nyumba, zonse botolo limodzi. Chinandiotcha pamimba basi.

Miyezi sikisi ndinkapita ku Kawale Loweruka lililonse kukawasambitsa achimwene kuti alamu apumeko. Munthu amene anandilipirira fizi ku sekondale, ndikumunyamula ngati thumba la chimanga kupita naye kubafa, iye akulira mwakachetechete. Ndikamawapukuta mutu wanga nawo ukugunda kumbuyo kuno, ndimadziwa bwinobwino chomwe chikugunda. Ndipo chodabwitsa, mantha aja sanandipititse kuchipatala, anangondichititsa kuti ndizidzitukwana usiku. Ndinkati ndachedwa kale, akandikalipira, akaona deti la m'kabukumo andiyalutsa pagulu. Munthu ukamadzida sudzisamala, umangodikira tsiku lako.

Kabuku kanapezeka sabata yachitatu chichitikireni maliro. Mayi akunyumba anabwera kushopu kudzatenga tepi yoyezera, kutsegula dilowa, ndi ako. Anakawerenga ataimirira pompo, nkukaika m'chikwama chawo osanena kanthu. Ine tsiku lonse ndinasoka mokhotakhota kudikira nkhondo yamadzulo. Nkhondo sinabwere. Amene anabwera ndi aNeba, akalipentala a kuseri kwa mpanda, atanyamula kampando kawo.

ANebawa aliyense mdera lathu amawadziwa chifukwa sabisa, ali pa ma ARV kuyambira 2005, boma litangoyamba kumene kupereka aulere mu 2004, ndipo amalandirira kuchipatala cha Lighthouse. Anakhala pansi, kufunsa za maliro, za mvula, za mtengo wa matabwa, kenako anati, "Bambo a Tela, ine pilisi ndameza tsiku ndi tsiku zaka 19, anzanga amene ankandiseka pamzere ambiri ndinawakhomera mabokosi ndi manja angawa. Inu mukuopa chani kwenikweni?" Ndinayamba kufotokoza zachimbudzi zija, iwo kumangomvetsera, mpaka ndinafika poti ndine chitsiru, ndawaona achimwene koma osasintha. Anandidula. Anati uchitsiru tiusiye kaye, chitsiru sichidzuka mmawa kupita kuchipatala, amene amapita ndi munthu wodwala, ndiye musankhe kuti ndinu ndani. Ku ma ARV kuli dongosolo loti wodwala azikhala ndi gadiyani, munthu womukumbutsa ndi kumuperekeza. Iwo anati kuyambira lero gadiyani wanu ndine, koma kumeza ndiye muzimeza nokha, ine khosi langa lili ndi ntchito yake kale.

Lamulungu lotsatira anandikokera ku banki m'khonde ya azimayi, komwe mayi akunyumba amasunga. Ine ndinkangodziwa kuti kumeneko amagula masheya ndi kukongozana, sindinkadziwa kuti chaka chapitacho anatapa ndalama m'thumba la zadzidzidzi nkugula kamakina koyezera BP ka mabatire. Mwini nzeru imeneyi ndi mayi wina wachikulire amene anapuma ntchito yaunesi, tonse timangoti aNesi. Akamaliza zamasheya amayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, kope lina la ndalama amatseka, kutsegula kope lina la manambala a BP. Amuna tinalipo atatu okha, tonse nkhope zogwa ngati tabwera kumlandu.

ANesi sachita zinthu mothamanga. Amakukhazika pampando wotsamira mphindi zisanu, miyendo osapingasa, mkono pa tebulo molingana ndi mtima, osayankhula, ndipo ngati wangomwa kumene tiyi kapena kusuta amakuuza udikire kaye theka la ola. Kamakina kanafufuma, kundifinya, kenako phwii. 184/110. Ndinaona mayi akunyumba akutembenukira kumbali kukonza chitenje chomwe chinali chokonzeka kale. ANesi anangolemba m'kope nkuti, "Mwana wanga, ine pano sindipereka mankhwala, ndimangoyeza. Mawa mmawa kuchipatala, osati Lachiwiri, mawa."

Tinapita ndi aNeba. Kukalipiridwa komwe ndinakuopa chaka ndi theka kunali mawu awiri okha, adokotala anati "munasowatu bambo" basi nkuyamba kulemba. Anandiyeza shuga, anali bwino, anandibwezera pa HCTZ nkuonjezera ena otchedwa amlodipine. Patapita masabata angapo akakolo anayamba kutupa madzulo, kale ndikanangosiya mwakachetechete, ulendo uno ndinabwerera kukanena, anati amlodipine amatero kwa anthu ena, anandichepetsera mlingo ndipo zinatha. Zokodza zija anati ndizimwa mmamawa ndikangodzuka, pofika nthawi yotsegula shopu zambiri zimakhala zadutsa. Nkhani yaing'ono chonchi ndi imene ndinatsala pang'ono kufera, kungolephera kufunsa.

Kunyumba ndiye kunali nkhondo ya mchere. ANesi anatiuza kuti a WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wonse wobisala m'zakudya. Ine ndinali munthu wa pa chiwaya, masana aliwonse tchipisi, kambale ka mchere ndi tsabola kaja ndikusunsa chidutswa chilichonse, Loweruka kanyenya. Tinachotsa mchere wa patebulo, timakyubu tokometsera ndiwo tinasiya, bonya kumuviika kaye m'madzi asanaphikidwe, ngakhale soda wa m'therere aNesi anati tichepetse chifukwa naye ndi m'bale wake wa mchere. Sabata yoyamba ana ankati ndiwo zikukoma ngati za kundende. Apongozi atabwera kuchokera ku Dowa analawa nkhwani nkufunsa mwana wawo monong'ona ngati zinthu zavuta pakhomo pano mpaka kusowa ya mchere. Koma lilime limazolowera, ndikunena zoona, pano ndikadya kumaliro kapena kuukwati ndiwo zimandiwawa mchere. Nsima tinabwerera ku mgaiwa, tiyi wa masupuni atatu a shuga anatsika kufika imodzi, bonongwe ndi chisoso zimene ndinkati ndi ndiwo za kumudzi pano ndimakazisaka ndekha pamsika.

Zoyenda anayambitsa aNeba. Telala amakhala pansi kuyambira 7 mpaka dzuwa kulowa, chomwe chimayenda ndi phazi limodzi lopondera makina. Akuti munthu azipeza mphindi 150 pa sabata zoyenda mwandawala, ife tinangogawa, theka la ola masiku asanu. 5 koloko mmawa amagogoda pageti ndi kandodo kawo kothamangitsira agalu, timalowera cha ku Kanengo nkubwerera. Poyamba tinali awiri, pano tilipo seveni, wina wa kabaza, wina mlonda amene amatipeza akuweruka, azimayi atatu. Mabwana amathamanga ku Capital Hill ndi nsapato zowala ndi mawotchi owerenga mapazi, ife zathu ndi za pa kaunjika wa ku Tsoka, koma thukuta ndi lomwelo. Mu June ndi July Lilongwe amazizira mwankhanza, kangapo ndinanamizira kugona, iwo amangogogodabe mpaka agalu a mzere wonse kudzuka.

Pali chinthu chimodzi chimandinyansa ndikamamva anthu ophunzira akuyankhula pa wailesi kuti aliyense azisamala moyo wake, ngati nkhani ndi ulesi basi. Miyezi ina umafika kuchipatala chathu chija nkukuuza kuti mankhwala ena atha mukagule, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya kufamase si yocheza. Mayi wogulitsa tomato asankhe pakati pa mapilisi ndi ufa, mukuganiza asankha chani? Gulu la banki m'khonde lija linagwirizana kuti ngongole ya mankhwala ilibe chiwongola dzanja, umabweza pogawana kumapeto a chaka. Ine ndatengapo kawiri. Komanso sindingadzinamize, nthawi ija ndinasiya mankhwala analipo, aulere, ndinasiya ndekha.

Ndipo ndinadzasiyanso, musaganize kuti ndinasanduka mngelo. December wa 2024, maoda a maukwati ali mbwee, ndikugona kushopu, mapilisi ndawasiya kunyumba. Tili ndi kagulu ka pa WhatsApp komwe mmawa uliwonse wina amalemba "mwamwa?" aliyense nkumayankha. Ine masiku naini ndinkayankha "ndamwa" ndi kachala kokweza kaja ndisanamwe. Lamulungu kamakina sikanandikomere mtima, 172/104. ANesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine nkuyamba kunamizira mabatire. ANeba sananene kanthu pagulu, madzulo anabwera kunyumba nkuti tabweretsani kabotolo, anakhuthulira mapilisi pa mbale nkuyamba kuwerenga ndi chala mmene amawawerengera iwo kuchipatala. Atafika pa otsala naini anaseka mpaka kutsokomola, nkundiuza kuti iwonso mu 2011 anasiya mwezi wathunthu chifukwa mlaliki wina anawauza kuti achira, anakadzukira pa bedi la kuchipatala. Kenako anatenga kapepala, kukulunga mapilisi a masiku atatu, akuti awa azikhala kushopu. Ndinamwa a tsikulo iwo akuona, ndi madzi a m'kapu ya ana.

Kabuku kaja pano kamakhala pamwamba pa makina, pafupi ndi choko, aliyense wobwera kudzayezetsa thalauza amakaona. Mnzanga wa benchi uja, yemwe anandifunsa zolandira, mwezi watha anakatenga nkumakavundukula, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati kamakina kaja amayeza ndi anthu osakhala a gulu. Ndinamuuza abwere 3 koloko ndipo avale malaya a manja aafupi.

Lamulungu lapitali yanga inali 134/84, aNesi anajambula kanyenyezi pambali pake ngati kusukulu ya mkaka. Pampando pambuyo panga panakhala mwana wa achimwene, woyamba kubadwa, amene pa Chichewa ndi mwana wanga, wa zaka 31, dalaivala wa minibasi ya Kawale. Ndinamunyengerera miyezi inayi kuti abwere. Anapinda malaya akuseka kuti iye ndi mnyamata, kamakina kanafufuma, kanatsika, aNesi anayang'ana nambala nkunena kuti tikhale kaye mphindi zisanu tibwereze. Zomwe zinatuluka kachiwiriko, ndi zomwe alamu ananena titawaimbira foni usiku womwewo, ndidzafotokoza gawo 10.