Dilowa yokana kutseguka, ndi zomwe thabwa limachita nyengo ya mvula

Pa zonse zomwe taphunzira teremu ino m'kalasi ya ukalipentala, chomwe chandikhala m'mutu ndi nkhani ya dilowa ya desiki yokana kutseguka. Ambiri amaikoka mwamphamvu mpaka chogwirira kuzuka, ena amaimenya ndi hamala. Aphunzitsi athu amaletsa zonsezi. Amati usanagwire chida chilichonse, uyambe wafunsa mwini desikiyo kuti vutoli layamba liti.

Funsoli lili ndi mutu. Thabwa, ngakhale lidachekedwa kalekale, limayamwabe chinyezi cha mumpweya n'kumachitulutsanso. Mvula ikakhazikika mu Januwale limafufuma, kutentha kwa mu Okutobala kukafika limabwerera. Chomwe chinanditsegula maso n'chakuti silifufuma mofanana mbali zonse. M'litali silisintha kwenikweni, limakula m'lifupi, mopingasa mizere yake. Ndiye matabwa a m'mbali mwa dilowa amakwera pang'ono n'kuyamba kukhuza thabwa la pamwamba. Milimita imodzi yokha ikhoza kuimitsa dilowa yomwe inkayenda bwinobwino chilimwe chonse.

Mitengo nayo imasiyana khalidwe. Mlombwa ukauma bwino susunthasuntha, n'chifukwa chake akalipentala akale amaulemekeza. Bulugamu ndi wovuta, amapindika ndi kung'aluka pouma. Paini wa ku Chikangawa, yemwe madesiki ambiri amapangira, ndi wabwino ndithu, koma kawirikawiri amagulitsidwa asanaume. Thabwa limayamba kuchepa m'lifupi pamene chinyezi chake chatsika kuchoka pa 30 peresenti, pomwe la mipando ya m'nyumba limafunika lifike cha m'ma 12 peresenti. Kalipentala akapanga desiki ndi thabwa laliwisi, thabwalo limakaumira m'nyumba mwa wogula, likupotoka momwe lafunira. Sindiwaweruza amisiri a m'mbali mwa msewu, poti wogula amafuna katundu wake Loweruka lomwelo, koma zimandipweteka kuona ntchito yokongola ikuwonongeka chifukwa chosadikira.

Kakonzedwe kake ndi kofatsa. Dilowa uitulutse moigwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku. Ukaitulutsa, yang'ana malo owala m'mbali ndi m'mphepete, chifukwa pomwe pakukhuzana pamanyezimira. Ngati sipakuoneka, paka choko m'mphepetemo, bwezera dilowa, tulutsanso. Pomwe choko chafufutika ndi pomwe pali vuto. Pamenepo pokha ndiye pofunika sandipepa, ndipo uzikwecha pang'ono n'kuyesa, pang'ono n'kuyesa. Chopalira matabwa chimabwera pokhapokha sandipepa walephera.

Apa aphunzitsi anatsindika kwambiri, ndipo ndikugwirizana nawo: ukapala kwambiri mu Febuluwale, mu Okutobala dilowa idzakhala yolobodoka, ikugwedera ndi kulowa mopendekeka. Chomwe wapala sichibwereranso. Nthawi zina kungoika dilowa pamalo ouma podutsa mphepo masiku angapo kumathetsa nkhani yonse osakwecha n'komwe.

Ukamaliza, paka kandulo kapena phula la njuchi m'mphepete mwa dilowa ndi pa timatabwa tomwe imayendapo. Sopo amathandiza kwa kanthawi, koma amakoka chinyezi. Mafuta ophikira ayi ndithu, amamata fumbi kenako n'kuyamba kununkha.

Mwini desiki akayankha kuti dilowa imavuta chaka chonse, mvula kaya dzuwa, chinyezi si ndicho vuto. Yeza kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikasiyana, dilowa yapotoka, ndipo mwina guluu wa m'makona wamasuka. Uyang'anenso msomali womwe watulutsa mutu, kapena thabwa la pansi lomwe lagwa mimba chifukwa cha kulemera kwa mabuku. Zoterezi zimafuna kumasula makona, kuchotsa guluu wakale, kumata mwatsopano ndi kumanga ndi kalampu, chida chopanikizira matabwa, mpaka mawa lake.