Bokosi lotuwa ndendende ngati lakale

Mphezi itaomba usiku wina, bokosi loyendetsa pampu ya pa mjigo wathu linapsa. Pampu yathu ndi ija yomira m'madzi, imakhala pansi mamita 45, ndipo ili ndi mawaya atatu osawerengera wa nthaka. Mota yotere siyamba yokha. Imadalira bokosi la pakhoma, momwe muli kapasita woikankha kuti inyamuke, ndi relay yomuchotsa kapasitayo mota ikangothamanga. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo chomwe ndinkadziwa n'chakuti bokosilo ndi lotuwa.

Mayi akunyumba anati, "Abambo, tangoitanani amisiri." Ndinaseka. Amisiri a chiyani? Bokosi ndi bokosi. Ndinalowa pa intaneti n'kupeza lotuwa, lamakona anayi, ndendende ngati lakale, komanso lotchipa kuposa onse. Pachithunzi panali timanambala, koma ine sindinapiteko kukaphunzira masamu.

Litafika ndinaitana alamu kuti adzaonere luso. Ndinalumikiza mawaya mtundu ndi mtundu, n'kuuza mayi kuti akaime pa mpope ndi ndowa yaikulu, yaing'ono ingasefukire. Ndinatsokomola pang'ono, kenaka n'kutukula swichi.

Bokosi linayamba kung'ung'udza ngati munthu amene wakumbutsidwa ngongole. Ndinati, "Mwamva? Yadzuka." Mawuwo asanathe, phuu! Utsi tolo, fungo la pulasitiki nyumba yonse. Alamu, omwe akhala akudandaula bondo chaka chathunthu, ndinangowaona ali kuseri kwa mpanda. Chipata sanatsegule.

Amisiri atabwera sanagwire n'komwe chida. Anangotembenuza chivindikiro n'kuwerenga mokweza, dala, kuti aliyense amve: "115 V, 0.5 HP." V ndi mavoti a magetsi, HP ndi muyeso wa mphamvu ya mota. Anandiyang'ana. "Bambo, magetsi a pano ndi 230. Kapasita uyu anapangidwira theka la amenewo. Mwamusenzetsa katundu wa anthu awiri, ndiye waphulika." Anatinso ngakhale mavoti akanagwirizana, mphamvu nazo ziyenera kufanana. Poyamba mota imakoka magetsi kangapo kuposa ikamayenda, ndipo bokosi lochepa limaisiya ikungolira osazungulira, uku ikutentha. Anapima mawaya opita pansi ndi mita yawo n'kunena kuti mota ikadali moyo. Ndinapumira m'mwamba.

"Nanga pampu yanuyi ndi ya mphamvu zingati?"

"Yamphamvu kwambiri," ndinatero.

Zolemba za pa bokosi lakale zinali zitapsa. Zina zinali pa thupi la mota, mamita 45 pansi pa mapazi athu. Amisiri anati opanga pampu amaika stika ina m'katoni kuti munthu amate pakhoma, asamavutike. Ndinalumbira kuti m'katoni yathu munalibe. Ine ndinatsegula ndekha, ndingaiwale?

Ndiye tinayamba kukoka. Amuna anayi, maola atatu, paipi yodzaza madzi ikulemera ngati tikuzula chitsime chenichenicho. Alamu bondo lija linawabwerera pomwepo, ntchito yawo inali kuwerenga mamita. Pampu itatuluka amisiri anapukuta matope ndi chala: 230 V, 50 Hz, 1.1 kW, omwe ndi 1.5 HP. Bokosi langa linaphonya mavoti ndi theka, mphamvu n'kuchepa katatu. Chomwe ndinakhoza chinali mtundu basi.

Tili chikhalire pansi, manja ali matuza okhaokha, mwana wanga anatulukira pa njinga kuchokera kusukulu. Amisiri anayang'anitsitsa kumbuyo kwa njingayo, anaimirira, n'kuwerama. Pa madigadi panali stika yasiliva yonyezimira bwino: 230 V, 50 Hz, 1.1 kW.

"Iwe, stika iyi unaitenga kuti?"

"Anandipatsa adadi. Anati ndi zinyalala za m'katoni."

Palibe anayankhula. Patali tinangomva mayi akufuula kuchokera ku mpope: "Abambo, ndowa ija ndidikire nayobe, kapena ndibweretse yokulirapo?"