Mwala umene unali ndi maso

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo nsomba imene ndinkaopa inali nkholokolo basi. Ikakubaya pochotsa mu ukonde, chala chimawawa mpaka madzulo. Ndinkaganiza kuti ululu wa nsomba umathera pamenepo.

Ku Pemba, ku Mozambique, madzi ataphwa m'mawa, ndinkayenda wopanda nsapato pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Bambo wina wachikulire, msodzi, anandigwira mkono n'kuloza pansi ndi ndodo. Ine ndinkangoona mwala wa ndere. Nditayang'anitsitsa, mwala uja unali ndi timaso pamwamba, ndi kamwa lokhota ngati la munthu amene amudyera ndalama.

Inali nsomba. Pa Chingerezi amaitcha stonefish, akatswiri amati Synanceia verrucosa. Pamsana pake pali minga 13, uliwonse uli ndi timatumba ta poizoni m'munsi. Siithamangitsa munthu ayi. Ukaiponda, kulemera kwako komweko ndi kumene kumafinyira poizoniyo m'phazi. Abale ake ndi scorpionfish ndi lionfish. Lionfish ndi yodzionetsera, imatambasula zipsepse zamizeremizere kuti aliyense aione, ndipo imeneyo ndimaikhululukira. Koma iyi yongokhala phee mumchenga, kudikira kansomba kadutse kuti ikameze, imandinyansa.

Wobayidwa amamuviika phazi m'madzi otentha koma osawotcha khungu, kenako kuthamangira naye kuchipatala. Ku Australia anapanga mankhwala ake othetsa poizoniyu mu 1959.

Masana omwewo ndinakagula nsapato zapulasitiki pamsika, osanenerera n'komwe.