Ndalama ndi chilolezo: mmene sewero lathu linafikira pa siteji

Sewero lathu tinalilemba nthawi ya dzinja, tikukumana m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale ana akaweruka. M'gulu mwathu tilipo 11. Nkhani yake ndi ya gogo wamasiye amene walawirira kudepoti ndi chitupa chake cha unzika kuti akagule feteleza wotsika mtengo, koma kalaliki akumuuza kuti matumba ake anatengedwa kale. Kumbuyo kwa kalalikiyo kuli mfumu, ndipo kumbuyo kwa mfumu kuli phungu wa deralo. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi wachibale amene zoterezi zinamugwera, choncho kulemba sikunatitayitse nthawi. Zimene zinandidyera miyezi inayi ndi ndalama ndi chilolezo. Ndikulemba mmene ndinayendera kuti mnzanga amene ali ndi sewero m'kope adziwiretu njira.

Ndinayamba ndi ndalama. Kuno kwathu makomo amene wazisudzo angagogode ndi owerengeka. Kuli thumba la Copyright Fund, lomwe linabwera ndi lamulo la zaumwini wa luso la 2016 ndipo limadzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso. Kwa zaka zambiri kunalinso ndalama za dziko la Norway, zimene poyamba zinkadzera ku COSOMA komweko, kenako ku bungwe la Hivos. Kupatula apo ndi mabungwe omwe si aboma, amene amabwera ndi uthenga wawo kale, wa Edzi, wa katemera, wa maukwati a ana, n'kumafuna wowasewerera. Ife tinapempha ku thumba lina lomwe sinditchula dzina, litalengeza m'nyuzipepala kuti likulandira mapempho.

Fomu yawo isanafunse za sewero inayamba yafunsa za gulu. Ankafuna satifiketi yosonyeza kuti gulu ndi lolembetsedwa, malamulo oyendetsera gululo, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la gulu, osati ya munthu mmodzi. Ife tinali titasewera limodzi zaka zisanu popanda chilichonse cha izi, ndalama za pakhomo tinkagawana usiku womwewo kuseri kwa holo. Tinakhala pansi Loweruka lina n'kulemba malamulo a masamba atatu, kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, n'kulemba maminitsi a msonkhanowo, chifukwa kubanki anawafuna asanatsekule akaunti. Ngati muli ndi gulu, zimenezi konzeranitu lero. Chilengezo chikatuluka masiku amakhala ochepa, ndipo mapepalawa satheka m'sabata imodzi.

Kenako bajeti. Ndinalemba holo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake poti magetsi sadalirika, thiransipoti, zovala, maposita ndi chakudya cha masiku a pulakatisi. Pa chinthu chachikulu chilichonse ankafuna makotesheni, ndiye ndinayenda wapansi tsiku lathunthu m'tauni kupempha eni zokuzira mawu kuti andilembere mitengo papepala la chidindo. Nditamaliza ndinakaonetsa msungichuma wathu, mayi wamkulu amene amagulitsa kaunjika kumsika. Anayendetsa chala pamzere uliwonse mpaka pansi, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, nanga anawa adzadya kuwomba m'manja?"

Ndinali nditasiya malipiro a osewera. Tinazolowera kusewera mwaulere mpaka tinaiwala kuti ndi ntchito. Tinaonjezera mzerewo, n'kuonjezeranso ndalama ya chilolezo, yomwe ambiri amaikumbukira tsiku la sewero litayandikira.

Pafomupo panali funso lofuna kudziwa mmene ntchito yathu ikugwirizanirana ndi chitukuko cha dziko. Ndinayankha ndi mawu amene ndinkadziwa kuti amakoma m'maofesi: kulimbikitsa ulimi, kusintha kaganizidwe, masomphenya a Malawi 2063. Silinali bodza, koma za phungu sindinatchule. Iwo anazipeza okha atawerenga sikiripiti. Patapita masabata asanu ndi limodzi foni inalira, ndipo bambo wina wolankhula mwaulemu anati komiti yalikonda sewero.

"Kungoti, bambo, phungu uja simungamusandutse wamalonda? Mukudziwa kale mmene zinthu zilili."

Sanandiopseze, sanakwezenso mawu. Ndinayankha kuti ndiona. Usiku womwewo ndinatenga cholembera n'kufufuta phungu paliponse pamene akupezeka, m'malo mwake n'kuikamo venda wogula feteleza kwa alimi. Zinanditengera ola limodzi lokha, ndipo kufulumira kumeneko kumandipwetekabe mpaka lero.

Mawa lake ku pulakatisi tinayesa sewero latsopanolo. Pali gawo limene gogo amagwada pafupi ndi galimoto ya phungu, chitupa chili m'manja, galasi la galimotoyo n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kutsekeka. Galimoto timaipanga ndi mipando iwiri, galasi ndi dzanja la wosewera basi, koma nthawi zonse tikafika pamenepo m'kalasimo mumangoti zii. Tsiku limenelo gogo anagwadira venda, ndipo panalibe chimene chinagwira mtima. Mtsikana amene amasewera gogoyo anadzuka, n'kusasa fumbi pachitenje.

"Aphunzitsi, amene anadya dzina la amayi anga sanali venda."

Ndinabwezeretsa phungu. Ndinalemba kalata yaifupi kwa eni thumba, kunena kuti phungu wathu alibe dzina, alibe chipani, alibe mtundu wa nsalu, ndipo kumuchotsa ndi kupha sewero. Yankho linachedwa mwezi wathunthu. Anatipatsa theka la zimene tinapempha, n'kutiuza kuti chizindikiro chawo tisachiike paposita. Tinavomera. Tinachepetsa malo osewerako kuchoka pa asanu kufika pa awiri, ndipo zovala aliyense anabwereka kwawo.

Tsopano za chilolezo, zimene ndinkaziopa kuposa zonse. Lamulo lake ndi la 1968, lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo ndi limene linakhazikitsa bungwe la Censorship Board. Limanena kuti sewero lisaonetsedwe kwa anthu popanda chilolezo cha bungweli, komanso kuti malo oonetserapo akhale ndi laisensi yake. Mantha anga anali ndi pochokera. Nthawi ya Kamuzu bungweli linkaletsa mabuku, magazini ndi mafilimu, ndipo ngakhale a gulu la zisudzo la Travelling Theatre la ku Chancellor College ankayenera kupereka masewero awo kuti awunikidwe asanapite nawo kwa anthu. Ndi nyengo yomwe mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Wina angati zimenezo zinatha ndi chipani chimodzi, koma mu December 2011, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, apolisi anamanga Thlupego Chisiza, mwana wa katswiri wa zisudzo malemu Du Chisiza Jr, akuonetsa sewero ku malo a zisudzo a Nanzikambe mu Blantyre, pa mlandu woti seweroli linalibe chilolezo. Anzanga ena amati, "Ingosewerani, ndani akufunseni?" N'zoona kuti masewero ambiri amachitika osafunsidwa. Koma sewero lokhudza akuluakulu likasowa pepala limeneli, mwapatsa wofuna kukuimitsani chifukwa chimene sanachivutikire.

Ndinataipitsa sikiripiti yonse, kuphatikizapo mawu a nyimbo zimene timaimba pakati pa magawo, n'kusindikiza makope awiri. Apa panali ntchito, chifukwa ife timakonda kupeka mawu tili pa siteji, ndipo zina mwa zoseketsa kwambiri zinali m'mitu ya osewera, osati papepala. Ndinakhala nawo mmodzimmodzi kulemba zimene amalankhuladi. Ndinaonjezera tsamba limodzi lofotokoza nkhaniyo mwachidule, ndi kalata yotchula dzina la gulu, holo, masiku, nthawi ndi mtengo wa pakhomo. Ndinapita nazo kutatsala mwezi kuti tisewere. Ndinalipira ndalama yake, lisiti n'kulijambula pafoni nthawi yomweyo.

Tsiku lokamva yankho ndinavala jekete, m'mimba mukutentha. Ndinapeza mayi wina ali ndi sikiripiti yathu patebulo, ataika timizere ta pensulo m'malo atatu. Awiri anali pa mawu otukwana amene kalaliki amalankhula kwa gogo. Achitatu anali pa gawo limene anyamata a kudepoti amamenya mlimi.

"Bambo, ana adzakhalapo?"

Ndinati tikayika poyera kuti sewero ndi la akuluakulu ndi achinyamata okulirapo. Pa zotukwanazo ndinavomera kusintha liwu limodzi, ndipo kunena zoona limene tinaikapo likubaya kwambiri kuposa loyambalo, chifukwa kalaliki tsopano amangoti "agogo, mwachedwa" akuyang'ana foni yake. Za phungu sanafunse kalikonse. Anangondikumbutsa kuti chilolezo ndi cha sewero limene awerengalo, ndipo tikadzasintha kwambiri tidzawadziwitse.

Ndinatuluka ndi pepala langa, ndinakakhala pa benchi kudepoti ya maminibasi kwa kanthawi ndisanakwere. Munthu amene ndinkamuopa miyezi yonseyi sanakhudze phungu. Amene anamufufuta ndinali ine mwini, kunyumba kwanga, chifukwa cha foni ya munthu wogwira ndalama. Izi sizikundichititsa kulikonda lamulolo. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 35, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wofotokoza maganizo ake, ndipo sindiona chifukwa choti nzika izipempha kaye chilolezo isanalankhule pa siteji pomwe mlaliki kumsika sapempha. Ine ndinakumana ndi munthu womvetsa, koma mphamvu yokana ikadali m'buku, ikudikira tsiku limene mpando udzakhale ndi wina. Kwa zaka zambiri kwakhala kukukambidwa zosintha lamuloli kuti ntchito ya bungweli ikhale kuika misinkhu ya oonera, ndipo kumeneko n'kumene mtima wanga uli. Chimodzimodzi ndalama za boma zothandizira luso: ngati zikuchokera m'matumba a anthu, sewero lodzudzula wolamulira lili ndi gawo lake m'menemo monga sewero lomutamanda.

Vuto lomaliza linachokera kumene sindinkayembekezera. Mwini holo yoyamba, amene tinali titamupatsa kale theka la ndalama, anamva nkhani ya seweroli kwa anthu n'kutiimbira kuti holo yatengedwa ndi ukwati. Dipoziti anabweza patatha masabata awiri. Tinapeza holo ina, ndipo ulendo uno ndinafunsiratu kuona laisensi yake, n'kulemberana pangano losainirana. Popeza malo anasintha, ndinabwereranso ndi kalata kukadziwitsa a chilolezo. Amene mukuganiza zojambula sewero lanu kuti likhale filimu, dziwani kuti pepala la siteji silikufikitsani kumeneko: lamulo lomwelo limafuna chilolezo chojambulira, komanso chiphaso cha filimuyo isanaonetsedwe kwa anthu.

Tsiku la sewero chilolezo ndinachiika m'kapulasitiki, m'thumba la mkati la jekete. Mmodzi wa apolisi awiri amene tinawapempha kudzalondera pakhomo anafuna kuchiona, anawerenga, n'kundibwezera. Holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Gogo atagwada, dzanja lija likukwera pang'onopang'ono, mayi wina kumbuyo anafuula kuti, "Ndi momwemo, mwana wanga, ndi momwemo!" Wapolisi uja anali atasiya khomo, ataima pafupi ndi mzere womaliza wa mipando.

Lolemba lotsatira ine ndi msungichuma tinayala malisiti onse pamphasa kuti tilembe lipoti, chifukwa eni thumba amafuna kuona komwe tambala iliyonse yapita. Minibasi sipereka lisiti, choncho kuyambira tsiku loyamba tinali ndi pepala limene wosewera aliyense ankasainira akalandira ya thiransipoti, ndipo analilandira popanda funso. Tinaikamo zithunzi zisanu ndi chimodzi, chiwerengero cha matikiti, ndi fotokope ya chilolezo. Zotsala za pakhomo tagwirizana kuti tisagawane. Zili ku akaunti, zikudikira kuti zikwane ya minibasi yopita kumudzi kwa mtsikana wosewera gogo uja, kumene amayi ake akufuna kudzaliona okha.