Thandala la amayi ndi kamera ya kusukulu

Miyezi itatu ndakhala ndikudziona ngati ndinalakwitsa kulowa kosi yojambula mafilimu. Anzanga akamakangana za ma lens, ine ndinkangoti duu, mumtima ndikuti mwana wokulira pa thandala la usipa ku Senga Bay sangapange documentary, filimu yoonetsa zochitika zenizeni. Lachinayi lapitali ndikuwerenga mbiri za akuluakulu a ntchitoyi, mpamene mtima unakhala pansi.

Anthuwa kamera anaipeza m'njira. Jean Rouch anali injiniya, anapita ku Niger mu 1941 kukagwira ntchito ya misewu. Frederick Wiseman ankaphunzitsa zamalamulo ku Boston, n'kumatenga ophunzira ake kukaona chipatala cha akaidi odwala misala ku Bridgewater, ndipo filimu yake ya 1967 anaijambulira momwemo. Malowo anali atawaona kale ndi maso ake, kamera inachita kumutsatira.

Koma amene wandigwira mtima ndi Safi Faye wa ku Senegal. Anali mphunzitsi ku Dakar, anakumana ndi Rouch mu 1966, kenako anakaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Paris. Nthawi yojambula itakwana anabwerera ku Fad'jal, mudzi wa makolo ake. Mu Kaddu Beykat, filimu ya 1975, alimi akudandaula za kudalira mtedza wokhawokha, ndipo boma linailetsa. Anthu aja ankalankhula momasuka chifukwa wojambulayo anali mwana wawo. Ndabwereza ndime imeneyi kangapo. Mwana wawo!

Ndiye kuti zimene ndinkabisa zija ndi zimene ndili nazo. Ndimadziwa kuti mwera ukaomba masiku atatu amayi salankhulitsa munthu. Ndimadziwa kuti mtengo wa usipa amaukambirana mabwato asanafike n'komwe pamchenga, ndiponso kuti siginala, amene amakopa usipa ndi nyali usiku, akabwerako opanda kanthu amayamba watsuka nyali zake, nkhani pambuyo.

Tsopano ndikukhulupirira njira imodzi basi: kukhala ndi anthu mlungu wathunthu kamera ili m'chikwama. Kwa ine iyi ikuposa zonse zimene taphunzira za kuwala ndi mawu. Wina atsutse, koma chithunzi chokongola cha munthu amene akukuopa chilibe ntchito.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu sanatchulepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Iwo ndi ma shot okhaokha, kamera imodzi gulu lonse, munthu kupatsidwa masana amodzi kuti ubwere ndi nkhani. Masana amodzi agogo akunyanja amakhala asanamalize n'kukufunsa komwe kuti ndiwe mwana wa yani.

Dzulo ndinawauza amayi kuti ndikufuna kuwajambula. Anapitiriza kutembenuza usipa, kenako anati, "Ngongole zanganso udzaonetsa anthu?" Ndinasowa choyankha. Kukhala mwana wawo kwanditsegulira khomo, koma komweko n'kumene kukundimanga manja, ndipo mpaka pano sindinaganize ngati za ngongolezo ndizijambule kapena ndizisiye.